Anditulutsa popanda makapisozi: kodi achipatala anandiiwala?

Mayi wina wandilembera kuti anachira kudzera pa opaleshoni, anamutulutsa ndi panado yekha, ndipo apongozi akumuuza kuti agule makapisozi pagolosale chilonda chisaole. Kodi achipatala anamuiwala?

Funsoli landikhudza, chifukwa nkhani yomweyi inavuta kwathu mng'ono wanga ali m'chikuta. Azakhali anabwera ndi makapisozi atamanga pansonga ya chitenje, ena oti amwe, ena oti atsegule ufa wake n'kuthira pachilonda. Tinakangana mpaka usiku. Sindiwanyoza azakhali ayi. Iwo anaikapo m'manda anzawo amene anatentha thupi atangochira, ndipo mantha awo ndi oona: mayi wa opaleshoni ndi amene amagwidwa msanga ndi matenda a m'chiberekero ndi a pachilonda kuposa wochira mwachibadwa.

Koma achemwali, mankhwala opha tizilombo oteteza matendawa kawirikawiri mumalandira musanadziwe n'komwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu malangizo ake a 2015, linati mayi aliyense wa opaleshoni apatsidwe jakisoni mmodzi wa mumsempha, wa cefazolin kapena ampicillin, mpeni usanafike pakhungu, ndipo mu 2021 linatsindika kuti jakisoniyo aperekedwe kutatsala mphindi 30 mpaka 60 kuti opaleshoni iyambe. Kale ankadikira kuti mchombo wa mwana umangidwe kaye, koma zinaoneka kuti kupereka msanga kumateteza bwino, poti mankhwala amakhala ali kale m'magazi pamene tizilombo tikupeza polowera. Kumwa makapisozi sabata yonse pambuyo pake sikuonjezera chitetezo.

Ndipo pano ndinene mosabisa: kugulitsa makapisozi ngati a amoxicillin pambali pa sopo ndi shuga kukutipha. Munthu amamwa awiri, kusunga atatu, kugawirako mnansi. Tizilombo timazolowera, ndiye tsiku limene mayi wadwaladi, ngakhale jakisoni wamphamvu wa m'chipatala wa ceftriaxone amakanika. Zimandipwetekanso kuti anamwino ambiri, pochuluka ntchito, safotokozera mayi zimene wabayidwa. Mawu awiri okha akanathetsa mkangano wa kwathu uja.

Zoti muchite

Onani m'buku lanu la kuchipatala kapena funsani anamwino ngati munabayidwa. Ngati adokotala anakulemberani mankhwala chifukwa matenda analipo kale, malizani onse. Pachilonda musathirepo kanthu, pazikhala poyera ndi pouma. Mukatentha thupi, kunjenjemera, kumva ululu woonjezereka m'mimba, kuona mafinya kapena zotuluka kumaliseche zonunkha, musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.