Kwa mayi amene madzi anawakokololera mpunga

Mayi, mwafunsa kuti mupembedza bwanji Mulungu pomwe madzi anakokolola mpunga wanu wonse. Pepani kwambiri. Ine zinandionekera mu 2024 kuno ku Dwangwa, madzi atalowa m'nyumba usiku tinakagona pasukulu ndi ana, chimanga chonse chitanyowa, pemphero silinkatuluka mkamwa olo pang'ono. Amayi a Mvano ndi amene ankayimba madzulo, ine kumangolira basi koma ndinkakhala pompo.

Werengani Habakuku 3:17-18, mkuyu sunaphuke, m'khola mulibe ng'ombe, koma munthu uja akuti ndidzakondwerabe mwa Yehova. Paulonso ndi Sila ankayimba pakati pausiku m'ndende ku Filipi mabala ali kumsana. Musadikire kuti mtima ukhale kaye m'malo, Lamulungu lino pitani kutchalitchi olo mukakhale kumbuyo osayimba, ndipo abusa mukawauze zambeu.