Mwana akufuna kudzathandiza osewera ovulala, bambo ake akuti "ndi kusisita chabe"

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 ndipo amasewera ntchemberembaye pa timu ya sukulu. Teremu yatha anavulala bondo, ndiye kuchokera apo akungoti akufuna adzakhale wothandiza osewera ovulala, ngati aja amathamangira m'bwalo ndi chikwama pa Kamuzu Stadium. Bambo ake akuti imeneyo si ntchito, ndi kusisita anthu chabe, bola unamwino. Kodi sukulu yake ilipo? Nanga munthu angadyerepo? Bondolo likumupwetekabe koma aphunzitsi akumufuna pa mpikisano wa mwezi wamawa."

Mayi, ndiyambira pa bondopo, poti sukulu ya ukachenjede ikadali kutali pomwe mpikisano uli pakhomo. Sindine dokotala, koma bondo lomwe likupwetekabe teremu yathunthu itadutsa si lokaliyesera m'bwalo. Mufunseni mwanayo ngati limatupa akathamanga, ngati limafooka mwadzidzidzi akamatembenuka, komanso ngati anamva kulira mkati tsiku lomwe anagwalo. Kaya ayankha chotani, pitani naye pachipatala chaching'ono cha kwanu konko, ndipo akaona kuti n'koyenera akupatsani kalata ya ku Gulupu, komwe kuli a mafupa ndi a mafizo. Kuthowa ndi madzi otentha komanso mankhwala opaka aja zimangogonetsa ululu. Mkati mwa bondo muli mtsempha umene madokotala amautcha ACL, womwe umagwira fupa la ntchafu ndi la m'munsi kuti asaterereke. Ntchemberembaye imaupweteka kwambiri mtsempha umenewu, chifukwa lamulo lake limafuna kuti wosewera akawakha mpira aime pomwepo, nthawi zambiri pa mwendo umodzi, pa simenti kapena pa dothi louma gwa. Ndipo umaduka kawirikawiri mwa atsikana kusiyana ndi anyamata. Sindikunena kuti ndi zimene zachitika kwa mwana wanu. Ndikunena kuti aphunzitsi a masewero sangadziwe pongoyang'ana ndi maso. Kwa aphunzitsiwo mupiteko nokha, osatuma mwana, chifukwa mwana wa Fomu 3 sangakanire mphunzitsi wake.

Ulendo wa kuchipatalawo ukhalenso mayeso a zomwe akufunazo. Akakafika m'chipinda cha mafizo atsegule maso. Akaona agogo amene anagwa ndi sitiroko akuphunziranso kuponya phazi atagwira zitsulo ziwiri uku ndi uku. Akaona mnyamata wa kabaza amene angomuchotsa chikhakha, mwendo utaonda, bondo litauma osafuna kupindika, akuluma mano pamene akumuwongola. Akaona mayi atabereka mwana wa zaka 3 amene satha kukhala pansi yekha chifukwa ubongo unavulala pobadwa kapena ndi malungo aakulu. Wosewera mpira mwina sakamuona ndi mmodzi yemwe tsiku limenelo. Ntchito ya mafizo kuno kwathu ndi imeneyo, Lolemba mpaka Lachisanu. Mwanayo akabwerako ali chifunirebe, maso akuwala pofotokoza za agogo aja, muthandizeni ndi mtima wonse. Akabwerako atakhumudwa kuti sanaone ma jezi, ndiye kuti chimene akukonda ndi mpira, osati kuchiza anthu, ndipo n'kwabwino kuzidziwa panopa.

Sukulu yake ilipo, ndipo ili mu Blantyre momuno. Kamuzu University of Health Sciences, yomwe anthu amangoti KUHeS, inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo imaphunzitsa digiri ya physiotherapy, yomwe ndi ya mafizo, kufupi ndi chipatala cha Gulupu. Maphunzirowa amatenga zaka 5 mukawerengera chaka choyamba chokhwimitsa masayansi. Kusankhidwa kumadutsa ku bungwe la NCHE, ngati mmene zilili ndi mayunivesite onse a boma. Pamafunika ma credit 6 pa MSCE, ndipo m'menemo musasowe Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics. Koma ma credit 6 amangomufikitsa munthu pakhomo. Malo ndi ochepa, ofunsira ndi ambiri, ndiye amalowa ndi amene masayansi awo ali ndi 1, 2 kapena 3. Ndondomeko yeniyeni muziiwerenga pa chikalata chomwe NCHE imatulutsa chaka chilichonse. Za fizi, kuli ngongole za ophunzira ku bungwe la HESLGB, ngakhale si onse ofunsira amene amapeza.

Apa pali chinthu chofunika changu kuposa zonse. Ana ambiri amataya Physics kapena Chemistry akamalowa Fomu 3, ena chifukwa choopa, ena chifukwa anzawo atero. Funsani lero ngati mwana wanu akutenga zonse ziwiri. Ngati anasiya chimodzi, kaonaneni ndi ahedi sabata yomwe ino, chifukwa akafika Fomu 4 khomo limeneli lidzakhala litatsekeka.

Bambo ake muwauze izi mwaulemu. Wophunzira mafizo amaloweza fupa lililonse, mnofu uliwonse ndi komwe wagwira, mmene ubongo umalamulira mwendo, mmene mapapo ndi mtima zimagwirira ntchito. Amalowa m'mawodi, amathandiza odwala amene achoka ku opaleshoni ndi amene ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya kuti chifuwa chisadzaze makhololo. Akamaliza amagwira kaye ntchito moyang'aniridwa m'chipatala, kenako amalembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe lomwelo lomwe limalembetsa madokotala. Wosisita anthu ku saluni salembetsa kumeneko. Kusisita kulipo ndithu m'ntchitoyi, koma ndi kagawo kakang'ono.

Komabe pa nkhani ya ntchito bambowo ali ndi mfundo, ndipo sindiwachotsera. Anamwino amafunika pachipatala chilichonse mpaka kumudzi, pomwe malo a mafizo amapezeka kwambiri m'zipatala zazikulu monga Gulupu, Zomba, Kamuzu Central ndi Mzuzu, m'zipatala zina za maboma ndi za mishoni, za anthu olipira, ku Beit CURE komwe amakonza mafupa a ana, ku Kachere Rehabilitation Centre, ndi m'mabungwe othandiza anthu aulumali. Boma nalo limachedwa kulemba anthu, omaliza maphunziro amadikira. Za masewero ndiye muwerengere nokha. Ligi yaikulu ya mpira wamiyendo ili ndi matimu 16. Onjezerani Flames, Scorchers, Queens ndi matimu ochepa a ntchemberembaye amene ali ndi kampani kumbuyo kwawo. Malo ake ndi omwewo, ndipo matimu ambiri amavutika ngakhale kulipira osewera awo. N'chifukwa chake ambiri amene mumawaona pa benchi Loweruka amakhala ndi ntchito ina pakati pa sabata. Munthu angadyerepo pa mafizo, inde. Pa mafizo a mpira okhaokha, ochepa kwambiri.

Nanga ntchito ya osewerayo imakhala yotani ikapezeka? Mwana wanu akumudziwa Mwai Kumwenda, katswiri wa ntchemberembaye uja. Mu 2018, akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, mtsempha wa ACL uja unaduka. Anamuchita opaleshoni, World Cup ya 2019 ku Liverpool inamudutsa, anabwerera m'bwalo patatha pafupifupi chaka, ndipo mu 2020 Vixens itatenga chikho, iye ndi amene anasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse pa ndime yomaliza. Anthu amakumbukira kugwa kuja ndi chikho chija. Miyezi ya pakatiyo ndiyo ya wa mafizo.

Opaleshoni yotere imatha m'maola ochepa. Kenako bondo limatupa, ndipo mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu umafota msanga modabwitsa. Wa mafizo amatenga tepi ngati ya telala, kuyeza ntchafu zonse ziwiri, kulemba m'buku. Masabata oyamba nkhondo imakhala yongofuna kuti bondo liwongoke lonse ndipo mnofuwo udzuke. Munthu amene ankadumpha kuposa anzake onse amagona chagada n'kumalimbana ndi kukweza mwendo umodzi. Zikatero amasiya ndodo, amakwera njinga yosayenda ija, amayamba kunyamula zolemera. Kuthamanga kumabwera patatha miyezi, ndipo amayamba ndi mzere wowongoka. Kukhota, kuima mwadzidzidzi ndi kutera pa mwendo umodzi zimabwera kumapeto, chifukwa ndi zomwe zinamuvulaza. Asanamulole kubwerera amamudumphitsa ndi mwendo wabwino, kuyeza mtunda, kenako ndi wovulalawo, ndipo ambiri amafuna kuti wovulalawo ufike pa 90 peresenti ya unzake kapena kuposa. Nthawi zambiri zonsezi sizichepera miyezi 9. Ndipo ngakhale mwendo utalimba, mantha amatsalira. Pali osewera amene bondo linachira koma amazengereza mpira wa m'mwamba ukabwera. Kuwachotsa mantha amenewo ndi ntchito ya wa mafizo yemweyo.

Chovuta kwambiri sichili m'mabuku. Sabata ya Maule ndi Manoma ikafika, kochi akufuna wogoletsa zigoli wake, masapota akuimba mafoni pa wailesi kufunsa kuti bwanji sakusewera, wosewerayo mwini wake akulumbira kuti ali bwinobwino chifukwa akapanda kulowa bonasi imudutsa ndipo malo ake atenga wina. Pakati pa anthu onsewa wa mafizo ndi amene amayenera kunena kuti mnofu wa kuseri kwa ntchafuwo sunapole, akathamanga ung'ambikanso ndipo m'malo mwa masabata awiri akhala miyezi iwiri. Chimodzimodzi wosewera akawombana mitu ndi mnzake n'kudzuka akudzandira. Lamulo lake ndi loti atuluke, asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale timu ikugonja. Mtsikana wa zaka 25 kuuza bambo wamkulu wa imvi kuti "ayi, uyu sasewera", pamafunika kulimba mtima komanso kudziwa zinthu zake bwinobwino. Inu mukumudziwa mwana wanu kuposa ine. Ngati ndi uja amatha kukana mwaulemu koma osasunthika, ameneyo ndi woyenera.

Mapointi akadzapanda kukwana, njira zina zilipo. Ku Kachere amaphunzitsa dipuloma ya ma rehabilitation technician, omwe amagwira ntchito limodzi ndi a mafizo ndipo m'zipatala zambiri za maboma ndi amene amanyamula ntchitoyi. Wina amatha kukhala clinical officer kenako n'kuwonjezera za mafupa. Ku MUST, ku Thyolo, kuli digiri ya sports science, yabwino kwa wofuna kulimbitsa matupi a osewera ndi kukonza matirening'i, koma dziwani kuti imeneyo simupatsa munthu chilolezo chochiza odwala. Amene ali kale ndi digiri ya mafizo ndipo akufuna kuzama pa masewero amakawonjezera kunja, mwachitsanzo ku University of Cape Town, ndipo FIFA ili ndi maphunziro aulere a pa intaneti a zachipatala cha mpira omwe amathandiza ogwira kale ntchito zaumoyo. Chenjerani ndi timasukulu tolengeza pa Facebook kuti m'miyezi itatu mwana atuluka ndi satifiketi ya physiotherapy. Musanalipire tambala, funsani ngati Medical Council of Malawi imalembetsa omaliza pamenepo, ndipo yankholo mukalitsimikize ku bungwelo, osati kwa mwini sukulu.

Tsopano iwe mwanawe, ngati amayi akuwerengera izi. Nthawi imene ukhale pambali usangokhala. Ngati pasukulu panu pali kalabu ya Red Cross lowa, uphunzire chithandizo choyamba, kumanga bandeji pa kakolo, ndi kudziwa munthu amene sayenera kunyamulidwa mwachisawawa. Gula kope la masamba 40 uzilemba aliyense wovulala pa timu yanu, anavulala pati, akuchita chiyani, anakhala masiku angati. Ikamatha sizoni udzaona wekha kuti akakolo ndi mawondo ndi amene adzaza masamba, ndipo udzayamba kufunsa chifukwa chake. Fufuzanso masewero otenthetsa thupi otchedwa FIFA 11+, a mphindi pafupifupi 20, omwe anakonzedwa kuti achepetse kuvulala pa mpira wamiyendo. Mbali zake zophunzitsa kutera bwino, bondo osagwera mkati, zikhoza kuthandizanso timu yanu, ndiye ukawaonetse aphunzitsi. Ndipo ukakumana ndi wa mafizo kuchipatala, akamaliza kukuona, umupemphe mphindi ziwiri. Umufunse kuti anapeza mapointi angati, phunziro liti linamusowetsa tulo ku koleji, ndipo anadikira nthawi yaitali bwanji asanalembedwe ntchito.