Kanjedza wosaopa sinowo kuseri kwa nyumba, ndi mtundu wanji?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu yemwe amakhala ku Leeds kuno ku UK, ndipo ndati ndiyankhire pompano chifukwa ndikudziwa kuti si iwo okha amene ali ndi funso limeneli. Mwachidule alemba kuti: "Tinasamukira m'nyumba ina chaka chatha, kuseri tinapezako mtengo wooneka ngati kanjedza, wautali kundiposa pang'ono. Sinowo inagwa, madzi anauma gwaa mu ndowa, koma iwo uli bwinobwino. Alandilodi sakudziwa dzina lake, app ya pa foni yandipatsa maina atatu osiyana. Ndi mtengo wanji, ndiziufunditsa nthawi yozizira, nanga tizipatso take ana angadye?" Atumizanso chithunzi chimodzi chojambula ali pawindo la kukhitchini.

Achemwali, zikomo kwambiri. Ndiyambe nkunena kumene mtima wanga wapendekera, ine ndikuona kuti ndi Trachycarpus fortunei, umene kuno amautchula kuti Chusan palm kapena windmill palm. Kungoti wakhala panja ku Leeds winta yonse popanda woufunditsa, wina ataudzala nkuusiya, ndi umboni waukulu kale, chifukwa akanjedza amene angapirire zimenezo ndi owerengeka ndipo mwa owerengekawo uwu ndi umene wadzadza m'magadeni kuno. Koma musangotenga mawu anga, chithunzi chanu chikuonetsa masamba okha pomwe kanjedza amadziwika ndi zinthu zoti pawindo simungazione, nde valani jekete ndi magolovesi mutuluke mukauyandikire. App ija nayo inangoona zomwe munaipatsa, masamba obiriwira ali patali, ndipo akanjedza ambiri ukawaonera kutali amafanana zedi.

Musanapite patali onani kaye ngati ndi kanjedza kumene. Kuno kuli mtengo umene anthu ambiri amauitana palm koma suli m'banja limenelo olo pang'ono, dzina lake Cordyline australis, kwawo ndi ku New Zealand. Masamba ake ndi aataliatali osongoka, lililonse palokha, amatulukira pamodzi kunsonga ngati mtolo, alibe phesi ndipo mtengo ukakula umachita nthambi. Wanu pachithunzi ukuoneka kuti tsamba lake ndi lozungulira logawanika zala zala ndiye Cordyline tamuchotsa, koma ndamutchula chifukwa owerenga ena adzapeza kuti wawo ndi ameneyu.

Pa masamba ifeyo a kwathu sitivutika chifukwa mitundu iwiri yonse tinakula tikuiona. Pali tsamba lotambasuka ngati chikhatho, zala zonse zochokera malo amodzi, monga la mvumo kapena la mgwalangwa umene timadulako mlaza wolukira mikeka. Ndiye pali tsamba lalitali la msana pakati, timasamba tili mbali iyi ndi iyo, monga la kokonati, chiwale kapena kanjedza wa m'madambo uja timanyamula pa Lamulungu la Kanjedza. Mukangosiyanitsa pamenepa mwadula theka la ntchito. Akanakhala wa msana pakati tikanakamba za Phoenix canariensis, wachibale wa kanjedza wathu yemweyo, amene timasamba take ta m'munsi timasanduka minga zazitali zobaya koopsa, kapena Butia wa ku South America amene masamba ake ndi otuwa opindikira pansi ndipo zipatso zake zimadyedwa, kapena Jubaea wa ku Chile wa chithunthu chonenepa chosalala. Koma Phoenix ku Leeds popanda chofunda sakhalitsa, amachita bwino ku London ndi m'mbali mwa nyanja kum'mwera. Wanu ndi wachikhatho nde tipitirire.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, phesi la tsamba, kandodo kaja kochokera pa thunthu kukafika pamene tsamba layambira kutambasuka. Ligwireni ndi golovesi muyendetse chala m'mphepete mwake pang'onopang'ono. Mukamva kungokhakhala, timano ting'onoting'ono toti sitingakubayeni, ameneyo ndi Trachycarpus. Mukapeza minga zenizeni zosongoka zoloza chakutsamba, zoti popanda golovesi magazi atuluka, ameneyo ndi Chamaerops humilis wa ku Spain, Italy ndi Morocco, yemwe ndi wachiwiri kupezeka m'magadeni kuno ndipo anthu amamusokoneza ndi Trachycarpus tsiku ndi tsiku. Minga zikakhala zokhota ngati mbedza, phesi lofiirira chakumunsi, komanso m'mphepete mwa masamba mukulendewera timaulusi toyera, ganizani za Washingtonia wa ku California ndi Mexico, amene amagulitsidwa motchipa m'masitolo nthawi yotentha koma kumpoto kuno winta imodzi yoopsa imamutha. Phesi likakhala losalala kotheratu ndipo mtengowo ulibe thunthu looneka, masamba akungochokera pansi, pamenepo ndi Sabal minor wa kum'mwera chakum'mawa kwa America. Kulinso mnzake wa komweko, Rhapidophyllum hystrix, amene phesi lake ndi losalala koma patsinde pamabisala minga zakuda zazitali ngati masingano, ameneyu pa nkhani yopirira kuzizira amaposa onse koma amafuna dzuwa lotentha kuti akule ndiye kuno amangokhala chitsamba chachifupi zaka ndi zaka, sangafike msinkhu mwanenawo. Ine pa zizindikiro zonse ndimakhulupirira phesi kuposa china chilichonse, chifukwa mtundu wa tsamba umasintha ndi dzuwa, kutalika kumasintha ndi mthunzi, koma minga sizinama.

Mukachoka apo yang'anani thunthu. La Trachycarpus limakhala limodzi, lowongoka, lokutidwa ndi ulusi wabulauni wokhuthala wooneka ngati chiguduli chakale, zitsa za masamba akale zikusuzumira mkatimo, ndipo nthawi zambiri kumtunda limaoneka lonenepa kuposa kumunsi chifukwa cha ulusi womwewo. Ku China kumene unachokera ulusi umenewu anthu akhala akupangira zingwe, maburashi, mphasa zopondera ngakhalenso zovala za mvula. Koma Chamaerops amakonda kubereka ana patsinde, mumapeza mitu itatu, isanu, yonse pamodzi ngati phata la nthochi, nde ngati mwaona mphukira zikutuluka pansi mozungulira pamodzi ndi minga zija, yankho lasintha. Chenjerani pang'ono apa, nthawi zina a nazale amadzala ma Trachycarpus awiri kapena atatu mu poto imodzi kuti zioneke zodzadza, kapena njere zogwa zimamera pansi pa mayi wake, nchifukwa chake ndikuti phesi ndi thunthu muzione pamodzi.

Umboni wotsiriza umabwera wokha chakumapeto kwa May ndi mu June. Trachycarpus amatulutsa zinthu zonenepa zachikasu pakati pa masamba m'munsi mwa mutu, zikamatuluka kumene zimaoneka ngati zotupa kenako zimamasuka nkulendewera. Kawirikawiri mtengo umakhala waumuna kapena waukazi, waumuna maluwa ake ndi achikasu chowala odzadza ndi ufa, waukazi ndi obiriwirirako ndipo ndi umene umabereka. Popeza mwatchula tizipatso ndiye kuti mwina wanu ndi waukazi ndipo penapake kwa maneba kuli mwamuna wake. Tengani kamodzi mukasende muone njere. Ya fortunei imakhala pafupifupi sentimita imodzi, yopindika ngati impso, khungu lake likapsa limada mobiriwira ndi kaufa kotuwa pamwamba. Ikakhala yotalikirako ya mzere pakati ngati njere ya khofi ndiye kuti ndi wachibale wina monga Trachycarpus martianus, koma ameneyo sapirira kuzizira kwa ku Yorkshire, dera limene kuli Leeds, nde sindikuyembekeza.

Dzina loti fortunei linachokera kwa Robert Fortune, munthu wa ku Scotland wosaka zomera, yemweyo amene anatenga mbewu za tiyi ku China kupita nazo ku India. Anauona pa chilumba cha Chusan, lero chimalembedwa Zhoushan, ndipo anatumiza mitengoyi ku Kew, munda waukulu wa zomera wa ku London, mu 1849, ngakhale ku Europe unali utafika kale kudzera mwa Philipp Franz von Siebold amene anautenga ku Japan cha mu 1830. Chimene chinauchititsa kukhazikika kuno ndi chakuti kwawo ndi kumapiri konyowa ndi kozizira, sufuna kutentha kwambiri kuti ukule, nchifukwa chake mukapita ku Logan Botanic Garden kum'mwera chakumadzulo kwa Scotland mukaupeza utandandalika mzere wonse. Ku Ticino ku Switzerland unachita kuthawa m'magadeni, mbalame zinamwaza njere mpaka unalowerera m'nkhalango, moti kuyambira pa 1 September 2024 dziko limenelo linaletsa kuugulitsa.

Pali chinthu china chimene chimandidandaulitsa ndipo ndikupempheni musagwemo. Munthu akayamba kufufuza pa intaneti amakumana ndi maina osowa, Trachycarpus takil wa ku mapiri a Kumaon ku India, Trachycarpus princeps wa masamba oyera mbuu kunsi kwake, nde mtima umayamba kufuna kuti wakenso akhale ameneyo, kakusiyana kalikonse ka tsamba nkumati ndi umboni. Chonsecho fortunei payekha amasiyanasiyana kwambiri, wa pamthunzi amakhala ndi mapesi aatali masamba ofewa, wa pamphepo masamba amathyoka nsonga nkumaoneka osasamalika, ndipo ngakhale malebulo a ku nazale akhala akulakwika, mitengo yambiri imene inagulitsidwa ndi dzina la takil inali fortunei yemweyo. Yekhayo amene mungakumane naye mosavuta ndi wagnerianus, anthu a magadeni amangoti waggie, masamba ake ndi aang'ono olimba gwa osagwa nsonga ndipo amapirira mphepo bwino, koma akatswiri ambiri masiku ano amamuwerenga ngati fortunei yemweyo wosiyana kaonekedwe chabe, kasamalidwe nkamodzi. Tsamba la fortunei wamba limatha kufika mita imodzi m'lifupi, nde tengani tepi muyeze.

Ndiye za kufunditsa. Ngati ndi fortunei, ali m'nthaka ndipo wafika msinkhu umenewo, musiyeni. Wamkulu wokhazikika amapirira mpaka cha m'ma -15°C, zomwe m'tauni ngati Leeds sizichitikachitika. Kuzizira kwa December 2022 kunagwetsa ma Cordyline ambiri m'dziko muno mpaka mitu kuwola, pomwe ma Trachycarpus ambiri anadutsa bwino. Chimene chimapha akanjedza kuno kawirikawiri ndi madzi okhala pamtima, pakati pa masamba pomwe mtengo umakulira, nkuuma ndi chisanu kenako nkuwola, nde kumukulunga pulasitiki ndi kumuonjezera vuto chifukwa mkatimo mumachita thukuta ndipo mpweya sudutsa. Owerenga a ku Johannesburg adzandivomereza, kumeneko chisanu chimagwa ndithu koma winta yake ndi youma ya dzuwa, nchifukwa chake Washingtonia ndi Phoenix amakula mpaka kutalika m'misewu pomwe kuno amavutika. Sinowo ikaunjikana pamasamba ingoigwedezani ndi tsache kuti isathyole mapesi. Akanakhala mu poto nkhani ikanasiyana, mizu ndi imene imafa msanga, mumakulunga potoyo kapena kuikokera pafupi ndi khoma. Mukapeza kuti ndi Chamaerops, ameneyo amayamba kuvulala cha m'ma -10, nde usiku umene alengeza kuzizira koopsa mangani masamba pamodzi mumuphimbe ndi fleece ya ku gadeni, nsalu yopepuka yofunditsira zomera, ndipo kukangofunda muchotse.

Chimodzi chokha muwauze alandilodi kapena aliyense wobwera kudzadulira gadeni, asadzayerekeze kudula mutu kuti mtengo ufupike. Kanjedza wa thunthu limodzi amakulira malo amodzi okha, pamtima pakati pa masamba, mukadula pamenepo wafa basi saphukanso ngati mmene amachitira Cordyline. Dulani masamba okhawo amene auma kotheratu, obiriwira ngakhale ong'ambika asiyeni akudyetsa mtengo, ndipo ulusi wa pathunthu ine ndimakonda kuusiya ngakhale ena amausenda kuti thunthu lioneke losalala. Winta ikatha, cha mu April, gwirani tsamba lapakati lomwe silinatambasuke mulikoke pang'ono chabe. Likakhala lolimba zonse zili bwino. Likazuka lokha lili lofewa lonunkha ndiye kuti mtima wayamba kuwola, chotsani zowolazo, tchingani pamwamba kuti mvula isalowe koma mpweya uzidutsa, ndipo musafulumire kuudula chifukwa Trachycarpus nthawi zambiri amatulutsanso tsamba latsopano ikafika nthawi yotentha.

Tizipatso tija ana asadye. Si chakudya, ndi njere yolimba yokutidwa kakhungu kochepa basi, ndipo kwa mwana wamng'ono ikhoza kumutsamwitsa, zisiyireni mbalame. Komanso lamulo la m'nyumba likhale loti chomera chimene dzina lake silinatsimikizike sichipita mkamwa, chifukwa kuli china chimene amachigulitsa ndi dzina la sago palm, Cycas revoluta, chachifupi cha masamba olimba onyezimira, chimene si kanjedza ndipo njere zake ndi poizoni kwa anthu ndi agalu omwe.

Mukatuluka panjapo mundijambulireko zithunzi zina, mtengo wonse wina ataima pambali pake kuti msinkhu uoneke, phesi chapafupi kuwala kukuomba m'mphepete, thunthu ndi patsinde, kunsi kwa tsamba, ndi njere yosenda ili pachikhatho. Phesi likapezeka la timano tosabaya ndipo njere ili yopindika, lembani Trachycarpus fortunei pa lebulo mumangirire pa mtengopo kuti odzalowa m'nyumbamo pambuyo panu asadzavutikenso, likapezeka la minga ndilembereni tikambirane za Chamaerops.