Kodi michere yamadzimadzi imalemera kapena imananda?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi. Ndikafuna kufotokoza viscosity m'Chichewa ndimati "kulemera kwa zinthu zamadzimadzi". Mnzanga akuti tizingoti "visikosite" basi. Pano ndikukonza phunziro la ma ionic liquids ndi momwe kapangidwe ka mamolekyulu ake kamasinthira viscosity. Ndinene bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa mawu akuti kulemera tawasenzetsa katundu wambiri. Chilichonse chosayenda msanga timangoti chalemera. Koma kulemera ndi nkhani ya pasikelo. Mercury, chitsulo chamadzimadzi, amalemera kuposa madzi ka 13 ndi kupitirira, koma mukamuthira amathamanga pafupifupi ngati madzi omwewo. Mwana amene mwamuphunzitsa kuti viscosity ndi kulemera adzasokonezeka tsiku lomwe adzaone zimenezi.

Mawu oyenera tili nawo kale: kunanda. Ndili mwana ndinkamva akuluakulu akunena za utomoni wa mtengo kuti ukunanda, ndipo sankausokoneza ndi kumata. Kumata kumafuna zinthu ziwiri, chomata ndi chomatidwa. Kunanda kuli m'kati mwa chinthucho, chimadzikoka chokha, chimakana kudukizana, chimayenda monyinyirika. Ine sindiona mawu ena ofanana ndi viscosity kuposa amenewa. Kukhuthala tikusiyire nsalu ndi matabwa. Za "visikosite" sindivomereza. Kubwereka n'kwabwino pamene tilibe mawu, n'chifukwa chake ayoni ndi molekyulu ndimawalandira ndi manja awiri. Koma kubwereka chomwe uli nacho kale ndi ulesi, ndipo mwana amangoloweza phokoso osaona kanthu m'maganizo.

Ma ionic liquids musawatchule kuti madzi amchere, chonde, poti mulibemo madzi. Ndi mchere weniweni, wopangidwa ndi ma ayoni okhaokha (maatomu kapena mamolekyulu okhala ndi mphamvu ya magetsi), koma wosungunuka usanafike pa 100 °C. Mchere wamba umafuna 801 °C kuti usungunuke, pomwe ethylammonium nitrate, amene wasayansi Paul Walden anamufotokoza mu 1914, amasungunuka pa 12 °C. Munene kuti michere yamadzimadzi.

Michere imeneyi ndi yomwe imatsimikiza bwino kuti kulemera si kunanda. Tengani iwiri yokhala ndi ayoni imodzi yofanana, yotchedwa BMIM. Mukaiphatikiza ndi ayoni yotchedwa BF4, mililita imodzi imalemera magalamu pafupifupi 1.2, ndipo pa 25 °C imananda kuposa madzi pafupifupi ka 100. Mukaiphatikiza ndi ayoni ina yotchedwa NTf2 imalemera magalamu 1.4 ndi kupitirira, koma kunanda kwake kumatsika pafupifupi ndi theka. Wolemera kwambiri ndiye akuyenda msanga! Chifukwa chake NTf2 ndi yaikulu ndi yofewa, imapindika, ndipo mphamvu yake ya magetsi yamwazikana pa maatomu ambiri, choncho siigwira mnzake molimba. Koma chloride, ayoni yopezeka mu mchere wamba, ndi kakang'ono, mphamvu yonse ili pamalo amodzi, kamagwira zolimba. N'chifukwa chake ngakhale chloride wochepa wotsalira popanga michereyi amaonjezera kunanda, pomwe madzi pang'ono chabe amakuchepetsa. Kutenthetsa nakonso kumakuchepetsa kwambiri.

Palinso mchira wa maatomu a kaboni womwe umalendewera pa ma ayoni a mtundu wa BMIM. Mchirawo ukamatalika, kuchoka pa makaboni 2 kufika pa 4, 6 kapena 8, michira ya ma ayoni oyandikana imakokana n'kukolana ngati ulusi wosokonekera, kunanda n'kumakula. Taonani mmene chilankhulo chathu chikugwirira ntchito pamenepa: kukokana, kukolana, kugwirana. Kachidutswa ka -ana kakunena kokha kuti zinthuzo zikuchitirana, ndipo kunanda konse kumachokera pa kuchitirana kumeneku. Chizungu chimafuna mawu awiri kapena atatu kuti chinene zomwezi. Ndimadandaula ndikamva anthu ophunzira akuti "ma molecule aku-interact" pomwe -ana ali m'kamwa mwawo momwemo.

Chenjezo limodzi lokha: musawauze ana kuti kugwirana kukachepa, kunanda kumachepa nthawi zonse. Pa ayoni ya BMIM pali haidirojeni imodzi, yapakati pa manaitirojeni awiri, yomwe imagwirana kwambiri ndi ayoni inzake. Mukaichotsa n'kuikapo methyl (kagulu ka kaboni imodzi ndi mahaidirojeni atatu), mungayembekeze kuti mcherewo uyenda msanga, koma umananda kuposa kale. Wasayansi Patricia Hunt analongosola mu 2007 kuti ma ayoniwo amakhala ndi njira zochepa zosinthira malo ndi makhalidwe awo, ndiye amaundana mwadongosolo. Apa ndi pamene mungagwiritse ntchito mawu akuti kupanikizana, kusiyanitsa ndi kukokana.

Choncho mutu wa phunziro lanu ulembeni motere: "Momwe kapangidwe ka ma ayoni kamasinthira kunanda kwa michere yamadzimadzi". Mawu akuti viscosity muwatchule kamodzi kuti ana adzawazindikire pamayeso, koma pofotokoza muzinena kunanda.