Za akazembe, mphwanga tamvera

Eee mphwanga, funso lako lija ndaliona. Ndati ndiyankhe ndi mawu, zolembalemba pafoni zimanditopetsa. Ukuti popeza a Trump anatuma Steve Witkoff, munthu wa bizinesi ya nyumba, kukalankhula ndi a Putin za nkhondo ya ku Ukraine, ndiye akazembe amene anakulira pa ntchitoyi ndi a chiyani, si ongodya misonkho ndi kumwa vinyo m'maphwando? Hahaa. Ya ku Ukraine tiisiye kaye. Ndikupatse ya anansi athu a ku Mozambique, imene tinaiona ndi maso ikutha.

Nkhondo ya boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo inayamba cha mu 1977. Iwe unali usanabadwe, koma uwafunse amayi ako mmene anthu othawa nkhondo anadzazira ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza, mpaka kufika pafupifupi 1 miliyoni m'dziko muno. Mgwirizano wa mtendere anakasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992, a Joaquim Chissano, pulezidenti wa dzikolo nthawi imeneyo, ndi a Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo.

Tsono penapake ukunena zoona, ndisakubisire. Amkhalapakati analipo anayi ndipo panalibe kazembe ngakhale mmodzi. Panali Andrea Riccardi amene anayambitsa gulu la Akatolika la Sant'Egidio, eya, omwewa a chipatala cha DREAM ku Balaka. Panali wansembe Matteo Zuppi, pano ndi kadinala. Panali arkibishopu wa ku Beira, Jaime Gonçalves, ndi wandale wa ku Italy, Mario Raffaelli. Wabizinesi naye sanasowe: Tiny Rowland wa Lonrho, kampani imene inali ndi minda ya mzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa masiku amenewo, ankanyamula a Dhlakama pa ndege yake kupita nawo kumisonkhano. Anthu otere amatsegula zitseko zimene boma silingagogode, chifukwa zigawenga zimaopa boma koma wansembe zimamulandira.

Koma kutsegula chitseko ndi kwina, kuthetsa nkhondo ndi kwina. Mu Juni 1990 anakonza zoti mbali ziwirizi zikumane ku Blantyre konkuno. Malo analipo, chilichonse chinakonzedwa, koma a Renamo sanakhale patebulo. Mwezi wotsatira ndi pamene anayamba ku Rome, ndipo anatenga miyezi 27, kukumana maulendo 11. Chikalata choyamba chenicheni, chongovomerezana kuti awa ndi boma, awa adzakhala chipani, chinatheka mu Okutobala 1991. Taganiza, chaka ndi miyezi itatu pa mfundo imeneyo yokha! Ndani ali ndi mtima wodikira choncho? Pulezidenti ali ndi dziko loti ayendetse, wabizinesi ali ndi kampani yake. Apa ndiye pamene pamalowa akazembe ukuwanyoza aja.

Ndikutchulire ena. Ku Kenya kunali Bethuel Kiplagat, mlembi wamkulu mu unduna wa za maiko akunja, yemwe anakhalapo kazembe ku France ndi ku Britain. A Dhlakama ankamukhulupirira, ndipo ndi mmodzi mwa amene anawazoloweretsa kutuluka m'tchire la Gorongosa kukalankhula ndi anthu. Ena ankati ankakondera Renamo, mwina nzoona, koma mbali yopanda aliyense woimvetsa siibwera patebulo.

Mu Disembala 1990 anagwirizana kuti asilikali a Zimbabwe, amene ankathandiza boma, azingokhala m'misewu iwiri, wa Beira ndi wa Limpopo, ndipo Renamo isaukire misewuyo. Zabwino. Nanga wina akaombera mfuti usiku, aliyense nkumaloza mnzake, aweruze ndani? Anakhazikitsa komiti yotsimikizira, wapampando wake kazembe wa Italy ku Maputo, Manfredo Incisa di Camerana. Ntchito yake inali yomweyo, kulandira madandaulo, kutuma anthu akaone, kulemba malipoti. Palibe amene amaombera m'manja ntchito yotere. Ku Rome nako kunali Cameron Hume, wachiwiri kwa kazembe wa America ku ofesi yawo ya ku Vatican, amene ankatsatira zokambiranazo mwakachetechete, nkumathandiza pa kalembedwe ka mfundo zikavuta. Atafika pa nkhani ya asilikali mu 1992, anaitana America, Britain, France, Portugal ndi bungwe la United Nations kuti akhale oonerera, chifukwa kunena kuti gulu latsopano la nkhondo likhale la anthu 30,000, theka uku theka uku, ndani atule zida liti ndi kuti, si nkhani ya pemphero ayi. Pamafunika anthu amene anaona kumene zinalephereka kwina. Ndipo Angola inali pafupi pomwepa: anachita chisankho mu Sepitembala 1992 magulu ankhondo asanatule zida mokwanira, Savimbi, mtsogoleri wa zigawenga kumeneko, ataluza anabwerera kutchire. Ku Mozambique anatengerapo phunziro, anachedwetsa chisankho mpaka 1994 kuti asilikali ayambe atula zida.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi cha mu Okutobala 1994. Mavoti atatsala maola ochepa kuti ayambe, a Dhlakama analengeza kuti Renamo yatuluka m'chisankho, akuti kuli chinyengo. Zaka zonse zija zikanathera pomwepo. Aldo Ajello, nthumwi ya United Nations, pamodzi ndi akazembe a maiko amene anali mu komiti yoyang'anira mgwirizano, anawakakamira, atsogoleri a m'chigawo chino nawonso akuimba mafoni, mpaka anabwerera. Anawonjezera tsiku lachitatu loponya voti. A Dhlakama anawamvera akazembewo chifukwa anali atakhala nawo zaka ziwiri, akudziwa chimene amaopa ndi chimene chimawakwiyitsa. Munthu wongotsika ndege dzulo sangachite zimenezo.

Komanso ndisawatamande mopitirira. Akazembe sanathetse nkhondo okha. Chilala cha 1992 chinafoola mbali zonse, South Africa inali ikusintha, Soviet Union imene inkathandiza Frelimo inali itagwa. Anthu akafuna kumenyanabe, kazembe sangawaletse, ngakhale akhale wanzeru bwanji. Ndipo dandaulo lako la misonkho ndikulimva, makamaka kwathu kuno kumene ukazembe nthawi zambiri umasanduka mphoto ya amene anavutikira chipani pa kampeni, boma likasintha nkuwaitanitsa onse abwerere. Pamenepo vuto si ntchito ya ukazembe, ndi amene timawatumawo.

Ndiye ukamaonera nkhani za ku Ukraine, a Witkoff asakudabwitse, amenewo ndi a Tiny Rowland a masiku ano. Uzifunsa kuti akulemba za malire oleka kumenyana ndani, adzayang'anire ndani, wina akaphwanya adzakanene kwa yani.

Basi, uthenga watalika, azakhali ako akundiyang'ana kale. Uwapatse moni onse kumeneko.