Tifunseni: Zithunzi za pa Makava a Magemu Akale

Achimwene, mumsika wa Limbe ndinagula katiriji yachikasu yolembedwa 9999999 in 1. Pamwamba pali msilikali wa minofu atanyamula mfuti, koma pa TV pakuoneka kamunthu ka timadontho. Anandipusitsa?
*Wowerenga, Bangwe*

Pa nambalayo anakupusitsani ndithu: mkatimo muli magemu owerengeka amene amangobwerezedwa ndi mayina ena. Katirijiyo ndi yokopera ya Famicom, makina amene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndipo okopera ankangomata chithunzi chilichonse chimene achipeza.

Koma kusiyana kwa kava ndi gemu kunayamba kale. Atari 2600, makina a magemu a kampani ya Atari a mu 1977, inkaonetsa munthu ngati njerwa zosanjikiza, choncho kampaniyo inkalemba ntchito akatswiri ojambula pamanja, monga Cliff Spohn, kuti katoni ionetse zimene makina ankalephera. Mwana ankayamba wayang'ana katoni, akamasewera n'kumaona msilikali uja m'maganizo. Nintendo itabweretsa Famicom ku America mu 1985 ndi dzina loti NES, msika wa magemu utagwa mu 1983, inasintha njira. Makatoni akuda a NES, kuphatikizapo ya Super Mario Bros., ankaonetsa timadontho ta gemu tomweto titakulitsidwa, kuti wogula asadzati ananamizidwa. Pomwe ku Japan gemu yomweyo inali ndi chithunzi chodzaza mitundu chimene anajambula Shigeru Miyamoto mwiniwake, amene anatsogolera kupanga gemuyo.

Ine ndi mnzanga tili ndi gemu imodzi ya PlayStation 2, koma makava ndi osiyana. Wina wagula yabodza?
*Mphunzitsi, Chilomoni*

Mwina nonse muli ndi zenizeni, aphunzitsi. Japan, America ndi Ulaya aliyense ankasankha kava yake. Yang'anani nambala ya pamsana pa kesi kapena padisiki: SLES kapena SCES ndi ya ku Ulaya, SLUS kapena SCUS ndi ya ku America, SLPS, SLPM kapena SCPS ndi ya ku Japan. Zobwera kuchokera ku UK kapena ku Joni kawirikawiri zimakhala za PAL, mtundu wa TV wa ku Ulaya, ndiye kuti kava ya ku Ulaya. Ikakhala ndi mzere wasiliva wolembedwa Platinum, ndi yosindikizidwa kachiwiri gemu itagulidwa kwambiri. Ku America ankalemba Greatest Hits. Mzerewo umadya malo a chithunzi, n'chifukwa chake osunga magemu akale amakonda yoyamba.

Apa m'pamene pali kukoma kwa nkhaniyi. Tengani Ico ya mu 2001. Kava ya ku Japan ndi ku Ulaya anaijambula Fumito Ueda, mtsogoleri wa gemuyo, potengera kajambulidwe ka Giorgio de Chirico, katswiri wojambula wa ku Italy: tianthu tiwiri tating'ono tagwirana manja, tikuthamanga pansi pa makoma aataliatali, zithunzithunzi zitatalika ngati dzuwa likukalowa. Usanaike n'komwe disiki, wamva kale kusungulumwa kwa gemuyo. Ya ku America anangoikapo mnyamata wa nyanga atagwira ndodo, wopangidwa pakompyuta, ndipo kwa ife ndi yozizira ngati nsima ya dzulo. Mega Man ya ku America ya mu 1987 ndiye imaseketsa: bambo wachikulire wovala zachikasu ndi zabuluu, miyendo itatang'adza, pistol ili m'manja, pamene m'gemumo ndi kamnyamata kamene mkono wake womwewo ndiwo mfuti. Ngakhale Kirby, kanthu kapinki kozungulira ka m'magemu a Nintendo, amene ku Japan amamwetulira, pa makava angapo a ku America anamukwinyitsa nkhope.

Ndingadziwe bwanji kuti kava ndi yoyambirira, osati yosindikiza m'tauni muno?
*Wogulitsa zamagetsi, Ndirande*

Solani pepalalo m'kesi, mulione ndi galasi lokulitsa ka 10, kapena kamera ya foni mutaiyandikitsa. Kava yeniyeni inasindikizidwa ndi inki zinayi, ndipo timadontho take timandanda mwadongosolo ngati timaluwa. Ya pa printa ya mu ofesi timadontho timangomwazikana ngati mchenga. Onaninso tizilembo ting'onoting'ono ta kumbuyo: pa yeniyeni takuda timakhala takuthwa, pa yokopera timanenepa n'kuchita mbuu. Dzina la pamsana likhale pakati penipeni, lisapendekere kutsogolo. Kava ya kesi ya PlayStation 2 ndi pafupifupi mamilimita 273 m'litali ndi 183 m'lifupi, msana wake 14, choncho imakwana pa A4. Mukaona m'mphepete modulidwa ndi sizasi, mwaigwira. Disiki ya PlayStation yoyamba nayonso imaulula: yeniyeni ndi yakuda kunsi.

Makatoni anga a Mega Drive asanduka abuluu, ena akununkha chinyezi. Ndingawabwezeretse?
*Mayi wa ku Zingwangwa*

Mtundu ukapita wapita, mayi. Dzuwa limayamba kudya inki yachikasu ndi yofiirira, n'kusiya yabuluu ndi yakuda, ndiye chifukwa chake katundu wokhalitsa pabenchi la pamsika amaoneka choncho, makamaka pamsana. Chotheka ndi kuteteza zotsalazo. Achotseni pawindo, muwaimike chilili ngati mabuku, osasanjikiza, m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino lokhala pashelefu, osati pasimenti kapena kutsamira khoma, kumene chiswe ndi mphemvu zimadzera. Ikanimo timapaketi tinayi kapena tisanu ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato, ndipo muzitisintha mvula ikamayamba mu Novembala komanso nthawi ya chiperoni.

Pepala la nkhungu liumitseni pamthunzi podutsa mphepo, kenako sesani ndi burashi yofewa muli panja. Osalipukuta ndi nsalu yonyowa, sipiriti kapena palafini, inki imasungunuka. Selotepi ndi laminesheni ayi: guluu wake amalowerera m'pepala n'kusanduka wachikasu, ndipo sachokanso. Sitika ya mtengo ikakhala papulasitiki ya kesi, yambani mwasolola pepala, muifunditse pang'ono ndi dirayala ya tsitsi kwa masekondi 20, kenako kanganulani pang'onopang'ono. Ikakhala pakatoni yeniyeni, isiyeni. Mukafuna chithunzicho pakhoma la pabalaza, chisikanitseni pa 600 dpi, mupachike chokoperacho, chenichenicho chibwerere m'bokosi.