Buku losagonetsa tulo koma lochititsa nseru: kodi mugule lotsatira?

Mayi ena a ku Matawale anditumizira imelo yonena kuti amaliza buku lachinayi pa mndandanda wa nkhani za wapolisi wofufuza milandu yakupha, ndipo sakudziwa ngati alikonda kapena ayi. Akuti anawerenga mpaka tambala woyamba kulira, komabe masamba ofotokoza mmene atsikana awiri anaphedwera anawachititsa nseru, ndiponso wapolisiyo akadali chidakwa chomwe chija cha m'buku loyamba. Akufunsa ngati n'koyenera kugula lachisanu.

Mayi, kusagona kwanuko kukungosonyeza kuti mlembiyo amadziwa kubisa chinsinsi mpaka kumapeto, ndipo luso limeneli lilipo kuyambira pamene mlembi wa ku America Edgar Allan Poe analemba nkhani ya wofufuza milandu mu 1841. Chimene ine ndikuchiona cholemera ndi nseru yanuyo. Kuno kwathu munthu akamwalira sangokhala mtembo: ali ndi amalume ake, pali siwa, pali adzukulu okumba manda, ndipo anthu amachezera usiku wonse akuimba. Buku likatha masamba khumi likufotokoza mabala a mtsikana, koma osatiuza ngakhale dzina la mayi ake kapena amene anamulira, ndiye kuti mlembiyo wamusandutsa nyambo yokopera owerenga, ndipo mtima wanu unazindikira zimenezi musanazipezere mawu. Ife a ku Zomba sitiopa nkhani zamdima, poti tinakula tikumva za anthu oponyedwa m'dzenje la Chingwe pamwamba pa phiri, ndipo ndende ya Mikuyu, kumene mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991, ili pafupi pomwepa. Nkhani zimenezi zimatipweteka chifukwa ozunzikawo timawaona ngati abale athu.

Za wapolisi wosasinthayo, amenewo ndi matenda a mabuku otsatizana. Ofalitsa amafuna munthu yemweyo chaka ndi chaka chifukwa ndiye amagulitsa malonda. Mlembi Arthur Conan Doyle anatopa ndi Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zake, mpaka anamupha m'nkhani ina mu 1893, koma owerenga anadandaula kwambiri ndipo patapita zaka anamuukitsa. Komatu ena amayesetsa. Henning Mankell wa ku Sweden, amene anakhala zaka zambiri ku Maputo akuyendetsa zisudzo, analola wapolisi wake Wallander kukalamba, kudwala matenda a shuga, ndipo pomaliza kuyamba kuiwalaiwala.

Lachisanulo musathamangire kuligula. Libwerekeni, kapena muime nalo kanthawi pa ogulitsa mabuku akale mumsika, muwerenge mitu itatu yoyambirira, ndipo muone ngati wophedwayo wapatsidwa mudzi, abale ndi mawu akeake asanafe. Ngati mutu woyamba wayambanso ndi mtembo wa mtsikana wopanda dzina, libwezeni, ndalamayo mugulire buku la mlembi wina.